Mabuku Anga M'kabati ya Amalume

Ndinaganiza zochoka ku Ntcheu tsiku limene amalume anandionetsa kwa alendo awo kuti, "Uyu ndi Limbani, mwana wa mlongo wanga. Mutu unakana, koma mphamvu ali nazo." Alendo anaseka. Sukulu ndinaisiyira Fomu 1 nditabwezera mphunzitsi khofi, ndipo sindibisa, mtima wanga ndi wapachala. Amalumewo ndi mphunzitsi wopuma, choncho kwa iwo mlandu uja sunathe. Pasanathe miyezi iwiri ndinali m'basi ya ku Joni, kenaka ya ku Cape Town.

Ndinafikira ku Dunoon, m'kachipinda ka malata kolowa mchenga mphepo ikamaomba. Ndinatsuka magalimoto, ndinakumba maenje, mpaka mnzanga wa kutchalitchi anandiuza kuti sitolo ina ya mabuku ku Claremont ikufuna wonyamula makatoni. Ndinkakwera matakisi awiri kupita, awiri kubwera.

Mabuku atsopano ankafika Lachinayi, akununkha guluu ndi inki. Pafupi ndi khomo panali matebulo awiri. Lakumanzere linali la nkhani zopeka, lakumanja la nkhani zoona: mbiri za anthu, ndale, zaumoyo. Sabata yoyamba ndinkangoyang'ana chikuto. Buku lina linali ndi chithunzi cha nkhalamba yovala suti, ine ndi kuliika kumanja. Linali lopeka. Bwana wathu, Mayi Denise, analikweza m'mwamba pamaso pa makasitomala.

"Limbani, kumbuyoku unawerenga? Kapena tikupezere wokuwerengera?"

Katoni inali m'manja, ndipo ndinafuna kuimenyetsa pansi. Ndinameza malovu poganiza za lendi. Koma ndinalumbira kuti palibenso amene adzandikwezere buku m'mwamba. Ndinayamba ndi kumbuyo kwa mabuku, kenaka m'kati, pa nthawi ya nkhomaliro, nditakhala pa makatoni, mawu ovuta ndikufufuza pafoni. Buku loyamba linanditengera miyezi iwiri. Ndinalimaliza chifukwa cha ukali basi. Lachiwiri ndinalimaliza chifukwa ndinkafuna kudziwa ngati mkazi wa m'nkhanimo adzabwerere kwa ana ake.

M'masitolo otere muli chizolowezi. Buku lisanatuluke, osindikiza amatumiza makope oyambirira, a chikuto chofewa, olembedwa kuti osagulitsa, ndipo antchito amaloledwa kutenga. Anzanga sankawalabadira. Ine ndinkawasesa onse. Lamlungu ku Dunoon ndi lalitali, abale. Foni ikalira umadziwa kuti ndi za feteleza kapena za maliro, palibe wofunsa ngati wadya. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi osadandaula, koma ocheza nane anali anthu a m'mabukumo.

Mvula ya mu Juni itayamba kudontha m'chipinda, ndinayamba kutumiza mabuku amene ndinamaliza kwa amayi kudzera kwa amalole opita ku Malawi. Amayi anayankha ndi uthenga wa mawu: "Thumba lafika, mwana wanga. Kulemera konse kuja ndimayesa mabulangete. Zikomo ndithu." Pofika chaka chachitatu, Mayi Denise omwe aja ankati kasitomala akafunsa za buku latsopano, "Funsani Limbani." Tebulo lakumanzere ndinkayala ndine.

Ndinabwerera kumudzi patatha zaka zinayi. Nditangopereka moni ndinafunsa za mabuku anga. Amayi anayang'ana pansi.

"Anatenga amalume ako. Anati kuno adyedwa ndi chiswe. Ndiponso anati mabuku azikhala kwa anthu owadziwa."

Sindinavule n'komwe nsapato za paulendo. Ndinabwereka wilibala kwa aneba n'kuuyamba wa kwa amalume.

Mabukuwo ndinawapeza m'kabati yagalasi ya pabalaza, mmene kale munkakhala mbale za alendo, atawandandalika potengera kutalika. Zopeka ndi zoona zonse pamodzi. Nditatsegula limodzi, patsamba loyamba panali dzina la amalume, ndi mawu akuti mphunzitsi wopuma. Lachiwiri chimodzimodzi. Onse.

"Wachita bwino kunditolera zimenezi kwa azungu ako," anatero amalume ali pampando wawo. "Alendo amayamikira kwambiri."

"Amalume, mwawerengapo angati?"

"Ndikuwerenga pang'onopang'ono."

Ndinasolola lachikuto chachikasu. "Woyendetsa sitima wa m'bukuli, anafa kapena anapulumuka?"

"Iwe! Ukundilembetsa mayeso m'nyumba mwanga?"

"Anapulumuka, koma anam'manga chifukwa cha bodza la mchimwene wake. Ndinawerenga onsewa, amalume. Ndi anga."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kunyamula katoni si kuwerenga, mphwanga. Wa Fomu 1 iwe?"

Kale ndikanaswa galasi lija. Ndinangotsegula kabati n'kuyamba kupakira, buku lililonse ndikutchula mokweza zimene zili m'katimo, kuti ndi azakhali kukhitchini amve. Amalume anakuwa kuti ndine wamwano, ndipo ndisadzapondenso pakhomo pawo. Ndinati zikomo.

Panjira ndinakumana ndi amayi akubwera chothamanga, chitenje chili m'manja. Anandigwira mkono.

"Wandichititsa manyazi, Limbani. Ukanawasiyira. Kwa iwo aja amaoneka bwino." Kenaka anatsitsa mawu. "Koma tandiuza ine mayi ako. Umawerengadi, kapena umangoona zithunzi?"

Mawu a amalume sanandipweteke ngati amenewa. Pamenepo ndinazindikira kuti kwathu ndalama zanga amazikhulupirira, thukuta langa amalikhulupirira, koma mutu wanga anautsekera m'kaundula tsiku lija ndinachoka pasukulu, ndipo palibe anaganizapo zokaonanso.

Abale anakhala pansi n'kugamula kuti ndikapepese ndi nkhuku. Ndinakana, ndipo ndikukanabe. Mabukuwo ndinawasiya pa shelefu m'shopu ya mnzanga wometa pamsika, aliyense wofuna abwereke, kaya anafika Fomu 4 kaya analekera Sitandade 5. Ndisanakwere basi yobwerera ku Cape Town ndinakhala pabenchi yake tsiku lathunthu ndi cholembera chofiira. Dzina la amalume sindinalifufute. Ndinalidula mzere umodzi m'buku lililonse, monga amachitira iwo ndi yankho lolakwa, n'kulemba langa pamwamba.