Munda wanga wasuluka pakhoma

Mwaswera bwanji nonse.

Lero amalume anabwera kudzathetsa nkhani ya malire a munda wampunga, wanga ndi wa achemwali a Esinati. Kumunda sanapiteko. Angoima pabalaza kuyang'ana chithunzi chija malemu abambo anapatsidwa ndi mphunzitsi wachizungu ku Domasi cha m'ma 1970, chopanda munthu kapena mtengo, timabokosi tamitundumitundu basi.

Mukukumbuka abambo ankatilozera kuti, "Kofiiraku nkwa Esinati, kwachikasuku nkwa iwe Joyisi." Ife tinkayesa nthabwala. Amalume sankayesa nthabwala.

Tsono chithunzicho chakhala moyang'anizana ndi windo zaka zonsezi. Chikasu chija chinasuluka ndi dzuwa. Kofiira kuli bwinobwino.

Amalume ayang'ana, ayang'ana, kenako akuti, "Joyisi, iwetu pano sukuoneka."

Ndiye mukuti bwanji abale? Tichichotse padzuwapo, kapena tidikire achemwali nawonso asuluke?