Miyendo M'mwamba

Njinga ya bambo a mwana wanga inali yotsamiritsa pakhoma la khonde, itamangidwa matumba a soya, ndipo ine ndinangotembenuka kuti nditule ndowa ya madzi. Kutula ndowa basi. Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, anali atangophunzira kuyenda, ndipo chilichonse choimirira ankachigwira. Anagwira tayala. Ndinamva phokoso la chitsulo, kenako zii, kenako kulira komwe ndinali ndisanakumvepo. Nditamukoka pansi pa matumbawo, mwendo wakumanzere unali utagona chammbali ngati si wake.

Za ulendo wochoka kwathu ku Mlonyeni mpaka kuchipatala cha pa Boma sindikumbuka zambiri. Ndimangokumbuka ndikuuza wakabaza kuti thamangani, kenako chepetsani, kenako thamangani, chifukwa pabampu iliyonse mwana ankakuwa.

Anamujambula. Adokotala a mafupa anakweza chithunzicho pawindo n'kundionetsa fupa la ntchafu litathyoka pakati, nsonga zake zitapitirirana ngati nkhuni ziwiri. Ndinafunsa ngati amung'ambe. Anati ayi, ndi wamng'ono, timupachika. Anamugoneka chagada pakabedi, anamata pulasitala kuyambira m'ntchafu mpaka m'akakolo, anakulunga mabandeji, n'kumanga zingwe kuchitsulo chopingasa pamwamba pa bedi. Miyendo yonse iwiri njoo, kuloza kudenga.

"Adokotala, winawo ndi wabwinotu," ndinatero.

"Tikudziwa, mayi. Ukuperekeza mnzake." Kenako analowetsa dzanja lawo pansi pa mwanayo. "Onani apa. Matako asakhudze matilesi. Kulemera kwa thupi lake ndi komwe kukukoka fupa kuti libwerere m'malo. Akakhala pansi, fupa lilumikizana mopitirirana, mwendo ufupika, ndiye nkhani ya opaleshoni ku Lilongwe. Dzanja lanu lizidutsa apa. Mukaona zala zake zakumapazi zatupa kapena zazizira, itanani anesi."

Kuyambira pamenepo dzanja langa silinapume. Ndikadya, ndilowetse dzanja. Ndikachoka kubafa, ndilowetse dzanja, nditsine zala, ndione ngati zikutentha. Koma chondipweteka chenicheni chinali china. Mwana akalira, mayi amanyamula, ine sindinaphunzitsidwe china. Uyu ankalira akutambasula manja, ine n'kumangomusisita pamimba ngati mlendo. Poyamwitsa ndinkawerama pamwamba pake mpaka msana kuuma gwa. Ndipo kumsana kwangako kunkazizira, moti ndikamapita kokaphika ndinkadzimanga chitenje pachifuwa mulibe munthu.

Pabedi loyandikana panali mayi wina wachikulire, wogulitsa mtedza ku boda, yemwe ankadikirira mdzukulu wake wa chikhakha pamkono. Pakamwa pawo sipankatsekeka.

"Asisi, fodya wanu mwapachikayu auma liti? Tikagulitse ku Chipata."

Kapena akandiona ndikusuzumira pansi pa mwana: "Mwatayapo singano pamenepo? Muisiyeko mphepo idutse."

Ndinkaseka misozi ili m'maso. Mwanayonso anayamba kuzolowera. Ankasewera ndi zala zake zakumapazi zomwe zinali pamwamba pa nkhope yake, n'kumadzizunguza pang'ono ngati ali pakatungwe.

Ndiye kunabwera amalume.

Amalume ndi mlongo wawo wa malemu amayi anga, ndiwo anandilera, ndiwo mwini mbumba. Si munthu waukali ayi. Mtima wawo ndi wofewa, nkhuku yawo yomwe amapempha wina kuti azinge. Koma chibadwire changa mawu awo ndinali ndisanawabwezepo.

Masana amenewo ndinali kochapa matewera. Pobwerera ndinamva mwana wanga akuseka, kuseka kwenikweni. Amalume anali atawerama pabedi, iye akuwakoka ndevu. Maso anga anathamangira kuzingwe. Zinali zolendewera, zakhwepa. Pansi pa matako a mwanayo panali jekete yawo yakutchalitchi, yopindidwa bwinobwino.

"Wabwera? Taona mkazi wangayu wapumako tsopano." Amamutchula choncho monga achitira agogo onse.

Ndinagwada. "Mwayenda bwanji, amalume?"

"Kuyenda ndayenda bwino, koma zomwe ndapeza kuno! Iwe, ngakhale mbuzi pamsika amaipachika itafa kale. Mwana wamoyo?" Maso awo anali ofiira, anali atalira ndisanafike. "Jekete iyi ikhale pompa mpaka mutuluke. Adokotala akamabwera uzichotsa, akapita uzibwezera. Wamva?"

"Ndamva, amalume." Mawuwo anatuluka okha.

Ndinakhala chigwadire. Ndinkaona nkhuni ziwiri zija za pachithunzi, ndinkaona mwana wanga atakula, akupita kumjigo akutsimphina, anzake akumuyeserera kumbuyo. Ndinayang'ana mayi a mtedza aja kuti mwina andiyankhulira. Iwo anali kalikiliki kuyang'ana denga. Anesi anali kumapeto kwa wodi, koma kuwaitana kunali kuneneza amalume kwa mlendo, adzudzulidwe pamaso pa azimayi onsewo, munthu wamkulu amene wabwera ndi chifundo chokhachokha.

Ndinaimirira. Ndinagwira jeketeyo n'kuisolola.

Zingwe zinakungika, mwana analendewera, n'kukuwa. Ndipo manja sanatambasulire ine ayi, anatambasulira amalume. Ndinapinda jekete, ndinagwadanso, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Pepani, amalume. Anati dzanja lizidutsa."

Amalume analandira jeketeyo n'kundiyang'ana.

"Wakula eti," anatero motsitsa.

Anavala jekete ija, kumsana kwake kuli konyowa ndi mkodzo wa mwana. Anasiya nthochi zomwe anabweretsa n'kutuluka osatsanzika. Ndinafuna kuwathamangira, koma mwana anali akulirabe.

"Asisi," anatero mayi a mtedza, ulendo uno osaseka, "lirani msanga mumalize. Mwana akufuna bere."

Amalume sanabwerenso kuchipatalako. Masiku otsatirawo ndinkadzifunsa ngati ndine mayi wankhanza, ngati kansalu kochepa chabe kakanaononga chiyani, ngati ndataya munthu yekhayo wondiimirira chifukwa cha mawu a adokotala omwe mawa andiiwala. Ndikudzifunsa choncho, dzanja n'kumalowabe pansi pa mwana.

Atamujambulanso patapita masabata, pomwe panathyoka paja panaoneka chotupa ngati mfundo ya mtengo. Ndinachita mantha, koma adokotala anati ndilo fupa latsopano, lagwira. Anamasula zingwe. Nditamunyamula ndinapeza kuti walemera, ndipo tsitsi lakunkhongo linali litatha ndi kugona chagada. Ndinamubereka pomwepo, m'wodi momwemo, n'kumangozungulira mabedi.

Kunyumba mantha anabwerera. Mwana anakana kuimirira. Ndikamuimiritsa ankapinda miyendo n'kukhala pansi, ankakwawa ngati wakhanda. Azimayi pamjigo ankatsitsa mawu ndikafika. M'mawa uliwonse ndinkamugoneka pamphasa, n'kugundanitsa zidendene zake, n'kuyang'ana, n'kuyang'ananso, maso anga osawakhulupirira. Kenako tsiku lina anagwira mtondo n'kudzuka yekha. Anayamba ndi kukoka mwendo pang'ono. Mvula yoyamba isanagwe anali akuthamangitsa anapiye.

Ndi pamene ndinalimba mtima kupita kwa amalume. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusema mpini. Moni wawo unali waufupi, maso ali pampini. Ndinamasula chitenje n'kutsitsa mwana kumapeto kwa bwalo. Anayenda yekha bwalo lonselo mpaka kukawagwira mawondo.

Amalume anaika kasemasema pansi. Anamugoneka pamiyendo pawo, anawongola timiyendo tonse tiwiri, anagundanitsa zidendene. Anasisita ntchafu iyi, anasisita inayo, iye akuseka poganiza kuti akumugirigisha.

"Unali uti kodi?"

"Pezani nokha, amalume."

Anafinyanso, nkhope ili yolingalira, n'kugwira wakumanja. "Uwu. Ndikuumva ine."

"Ndi winawo, amalume."

Anausiya, n'kugwira wakumanzere ndi manja onse awiri. Anaugwira nthawi yaitali.