Manja Ozizira a Salaza

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo okha. Ena onse mumsewu uja ankawatcha a Salaza, chifukwa munthu akachoka m'manja mwawo chibwano chinkachita kuti see ngati cha khanda. Anameta anthu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'kachipinda kamodzimodzi, pakati pa shopu ya zitsulo ndi ya mafoni. Munali mipando iwiri yozungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi shelefu ya zipeso, masizasi ndi botolo la sipiriti. Mpando winawo unali wa mnzawo wometa naye, bambo wonenepa amene ankatchedwa Wailesi poti pakamwa pake sipankazima.

A Salaza sanali olankhulalankhula. Luso lawo linali pa lezala. Kumeta ndi makina aliyense amatha, ankatero iwo, koma kuyendetsa lezala pakhosi pa munthu mpaka mwiniwakeyo kuwodzera, imeneyo ndiye ntchito.

Zinthu zinasokonekera chaka chimene mng'ono wawo anamwalira. Anali kalipentala, munthu wa mphamvu zake, ndipo anangogwa masanasana akupala thabwa. Achipatala anati ndi mtima. Maliro atatha a Salaza anabwerera kuntchito, koma khutu lawo linali litasamukira pachifuwa. Ankangomvetsera mtima wawo. Akaumvetsera unkayamba kuthamanga, ukathamanga m'manja munkatuluka thukuta, kenako zala zinkayamba kunjenjemera. Miyezi inayi anabisa. Zikawayamba ankanamizira kukatsuka chipeso kuseri, n'kuimirira kumeneko mpaka zitapita.

Lachiwiri lina m'mawa pampando panakhala aphunzitsi ena opuma ntchito, kasitomala wawo wa kalekale. Lezala lili pansi pa khutu, dzanja linangodumpha lokha. Bala silinali lalikulu, koma magazi anadonthera pa kolala yoyera.

"Palibe kanthu, achimwene," anatero aphunzitsiwo atagwira thonje pakhosi. "Nanenso choko chinkandithyokera."

"Muno tayamba ndi maopaleshoni omwe!" anatero Wailesi, ndipo anthu anaseka.

A Salaza sanaseke. Madzulo atafika kunyumba anaulula zonse kwa akazi awo, ndipo m'mawa mwake amayiwo anawaperekeza kuchipatala.

Adokotala anali mayi wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anawapima kuthamanga kwa magazi, anawamata timawaya pachifuwa, n'kuwerenga pepala limene linatuluka m'makina.

"Mtima wanu ulibe vuto, bambo. Chikukuvutani ndi nkhawa."

"Nkhawa ndi matenda?"

"Ikafika pokugwedezani manja, inde. Munadwalapo mphumu? Nanga shuga?"

Iwo anakana zonse ziwiri. Adokotala anawalembera timapiritsi ting'onoting'ono, a gulu limene achipatala amalitcha mabeta buloka. Anafotokoza kuti amachepetsa liwiro la mtima n'kuletsa kunjenjemera, koma ena amawapatsa chizungulire, kufooka, kuzizira manja ndi mapazi, ngakhale maloto oipa.

"Mukaona zachilendo mubwere. Koma chonde musadzasiye mwadzidzidzi panokha. Mwamva, bambo?"

A Salaza anagwedeza mutu. Pa zonsezo, chimene chinalowa bwino m'khutu chinali choti manja asiya kunjenjemera.

Ndipo anasiyadi. Sabata yoyamba ankatambasula dzanja patsogolo pa galasi, lili nji, osagwedera. Anameta ndevu za anthu asanu ndi awiri tsiku limodzi. Akazi awo anawamva akuimba likhweru kubafa, iwo n'kuthokoza Mulungu chamumtima.

Sabata yachiwiri dalaivala wina wa lole anadzidzimuka atangokhudzidwa patsaya.

"Aaa, madala! Manjawa mwawatulutsa mufiriji?"

A Salaza anapepesa. Anagula fulasiki, ndipo asanagwire munthu aliyense ankaviika zala m'kabeseni ka madzi ofunda. Asanamalize tsaya limodzi zinali zitazizira kale, zikhadabo zili mbuu. Mapazi nawo ankazizira m'masokosi awiri, kunja dzuwa likuswa mtengo.

Kenako kunabwera kutopa. Nyumba yawo inali yam'mwamba, masitepe khumi ndi asanu ndi atatu, amene kale ankawakwera atanyamula thumba la makala. Tsopano ankapumira pakati, atagwira khoma. Kuntchito chipeso chikagwa ankachita kuganiza kaye, poti akawerama n'kudzuka galasi ndi mipando zinkazungulira. M'mawa ankadzuka ngati sanagone. Tsiku lina akumwa tiyi anauza akazi awo kuti analota akumeta mng'ono wawo uja, tsitsi likungomera pomwepo, iwo akumeta, ilo likumera.

Panali chinanso chimene sanathe kuchitchula. Kuchipinda thupi linasiya kuwamvera. Ankangotembenukira kukhoma.

"Abambo, ine sindinakwatiwe ndi zimenezo zokha," anatero akazi awo tsiku lina akupinda zovala, osawayang'ana. "Tiyeni tikawauze adokotala."

"Ndikauze mwana wamkazi uja zimenezo? Ndiyambire pati?"

Koma choipitsitsa sichinali chimenechi. Mantha aja sanachoke. Mtima unkagunda pang'onopang'ono, manja ali phee, koma m'mutu maganizo ankathamanga monga kale. Poyamba ankaopa kuti mtima uphulika. Tsopano ankaopa kuti uima. Pakati pa kasitomala ndi kasitomala ankaika zala ziwiri pamkono, maso pa wotchi yapakhoma. Makumi asanu ndi kasanu. Mawa lake makumi asanu ndi kawiri. Kugunda kumodzi kukachedwa, ankadikira kwinako ali kakasi, pakamwa pouma.

"Kodi mukudziwerenga ngati mita ya madzi bwanji?" anafunsa Wailesi.

"Iwe sungamvetse."

Patatha miyezi iwiri anatopa nazo. Anaponya mapiritsi m'dirowa ya zipeso zakale, osauza munthu. Tsiku loyamba anamva kupepuka. Tsiku lachiwiri manja anafunda, iwo n'kuganiza kuti achita bwino. Tsiku lachitatu, cha m'ma leveni koloko, akumeta munthu ndi makina, mtima unangoyamba kugunda ngati wina akumenya chitseko ndi chibakera. Sunachitepo chonchi n'kale lonse. Makina anagwa m'manja akulirabe. A Salaza anakhala pansi, patsitsi la anthu, thukuta lili kamukamu, akunena kuti, "Ndikupita, ndikumutsatira mng'ono wanga, mukawauze amayi kunyumba." Wailesi anasiya kasitomala mutu uli theka, n'kuthamanga kukaimitsa takisi.

Sanamwalire. Adokotala aja anawapeza atagona pakabedi kuseri kwa katani, akazi awo atakhala pambali maso ali psuu.

"Munasiya liti?"

"Masiku atatu apitawo."

Adokotala anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Sanakalipe. Anati mtima ukazolowera mankhwalawa, kuwasiya kamodzin'kamodzi kuli ngati kumasula buleki pamtsetse. Anawachepetsera mlingo, ndipo anati zikapitirira adzayesa ena.

"Koma ndikuuzeni zoona, bambo. Mapiritsiwa amagwira manja, sagwira maganizo. Mukufunika kucheza ndi mlangizi wa za maganizo. Amabwera kamodzi pamwezi, ndipo mayina adzaza. Ndakulembani mwezi wachinayi kuchokera pano."

"Miyezi inayi," anatero a Salaza, akuyang'ana kudenga. "Nanga pakatipa ndikhale ndani?"



Mlingo wochepawo unawapatsa theka la chilichonse. Manja ankazizira pang'ono n'kumanjenjemeranso pang'ono. Chizungulire chinachepa koma sichinathe. Lezala analisiyiratu. Munthu akafuna ndevu ankamuuza kuti adikire Wailesi. Kenako ngakhale makina anayamba kuwaopa akafika pafupi ndi khutu. Nkhani ya tsiku lija inali itayenda mumsewu wonse, ndipo anthu ankalowa, kuwapatsa moni mwaulemu, kufunsa za thupi, n'kukhala pamzere wa mnzawoyo. Aphunzitsi aja okha ndi amene anabweranso kwa iwo, koma a Salaza anakana okha.

"Achimwene, ine sindikuopa," anatero aphunzitsiwo.

"Ndikuopa ndine."

Kunyumba sankatha kukhala, poti zipupa zinkawapanikiza. Choncho m'mawa uliwonse ankamwa piritsi lawo, kuvala malaya osita, kutsika masitepe pang'onopang'ono n'kupita kushopu. Ankasesa tsitsi, ankatsuka mathaulo, kenako n'kukhala pabenchi ya odikira, manja atawapanira pakati pa mawondo.

Loweruka lina kunadzaza anthu. Munalowa bambo wachilendo wa jekete, amene sanabwerepo mumsewumo. Anayang'ana mpando wopanda munthu, anayang'ana benchi, n'kuima pafupi ndi a Salaza.

"Pepani, bambo, omalizira pamzere ndinu?"

Wailesi anaimitsa makina, pakamwa pali yasa. A Salaza anasendera kumapeto kwa benchi kuti mlendoyo apeze malo.

"Ayi," anatero. "Khalani. Ine sindikudikira kanthu."