Bambo anga sankavuuka chimanjamanja

Bambo anga, a Fexon, anabadwira pa chilumba cha Chizumulu, ndipo anawoloka kudzakhala kuno ku Mbamba Bay, ku Tanzania, asanakwatire. Anali ndi bwato ndi kamunda ka chinangwa ngati wina aliyense, koma chimene chinawatchukitsa ndi mpweya wawo. Akalowa pansi pa madzi ankakhalitsa mpaka oonerera kuyamba kupemphera. Ukonde ukakodwa m'miyala ankaitanidwa. Munthu akamira ankaitanidwanso, kuyambira ku Lipingo mpaka ku Chiwanda. Pa Chiswahili ankawatchula mzamiaji, kutanthauza wolowa pansi pa madzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti sanavuukepo chimanjamanja.

Ine ndinakula ndikuopa kutamandidwa kwawoko. Ndinkaona kuti anthu akawayamikira, mapewa awo ankatukuka, ndipo ulendo wotsatira ankakhalitsa pansi kuposa kale. Kusukulu aphunzitsi anatiuza za masewero akale, momwe ngwazi imagwa chifukwa cha chinthu chomwecho chimene chinaikweza. Anzanga ankalemba, ine ndikuganiza za bambo.

Chaka chatha bambo anadwala chifuwa chachikulu. Anachira, koma adokotala anawauza kuti za pansi pa madzi aiwale. Iwo anavomera ndi mutu. Pobwerera kunyumba anatsokomola njira yonse, akunena kuti ndi fumbi.

M'mawa wina wa mwera, bwato linagubuduzika pafupi ndi miyala, ndipo Isack, mwana wa a Venance oyandikana nafe, sanatuluke. Tinathamangira kugombe. A Msafiri, amene anaphunzira ntchitoyi kwa bambo, anali atalowa kale n'kubwerera.

"Mzee, pansipo sipabwino," anatero a Msafiri, milomo ili gwagwagwa. "Madzi akukokera kuphompho. Tiyembekeze, nyanja ibweza yokha."

"Iwe unayamba liti kundiphunzitsa nyanja?" bambo anafunsa akuvula malaya. "Si ndinkakutulutsa ndine ukumwa madzi ngati mwana wa ng'ombe?"

Amayi anawagwira mkono. "Bambo a Tione, adokotala anati chiyani?"

"Adokotala amadziwa za m'botolo. Ndisiyeni, mayi."

Analowa. Ndinaluma chitenje changa mpaka mano kuwawa. Atavuuka, m'manja munalibe kanthu. Anagwira m'mphepete mwa bwato akutsokomola, ndipo ndinaona magazi pachibwano chawo asanapukute. Sindikhulupirira kuti alipo amene anawanyoza, koma bambo ankayang'ana nkhope imodziimodzi ngati akufuna wowaseka.

Pamenepo a Venance anatsikira m'madzi mpaka m'mawondo, maso ali psuu. Kuno mtembo ukapanda kupezeka, achibale amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwa munthuyo, kuti maliro atheke. A Venance analankhula mwaulemu, pofuna kumasula bambo.

"Achimwene, basi. Mwayesetsa. Akapanda kuoneka tidula nthochi. Sindikufuna maliro awiri."

Ine ndinapuma, poganiza kuti zatha. Koma nkhope ya bambo inasintha ngati amenyedwa khofi.

"Nthochi? Ine ndili moyo? Mukuti anthu azidzanena kuti Fexon analipo, koma mwana wa mnansi wake anaikidwa nthochi?"

"Palibe adzatero, achimwene."

"Ndidzatero ndine."

A Msafiri anabweretsa chingwe cha nangula. "Chabwino, Mzee, koma mangani ichi m'chiuno. Mukachedwa tikukokani."

"Ndine mbuzi? Kamange amako."

Ena anaseka, kuseka kwa mantha, ndipo kusekako kunawapatsa mphamvu. Ine ndinali pafupi kwambiri moti ndikanatha kuwagwira. Mawu anali pakhosi: bambo, ndaona magazi. Koma pamaso pa anthu onsewo, kunena zimenezo kukanakhala kuwavula, ndipo ndinadziwa kuti akanangofulumira kulowa. Anandiyang'ana, nati, "Tione, kaike madzi pamoto. Ndikabwera ndisambe otentha."

Analowanso. Ine sindinapite. Ndinaimirira pomwepo kuyang'ana pamene analowera. Mafunde ankabwera n'kufafaniza malowo, ine n'kuwapezanso ndi maso. Amayi anayamba Atate Wathu, amayi ena akuwathandiza. Pempherolo linatha. Analiyambanso. Lisanafike pakati, a Msafiri anadzimanga chingwe chija n'kudumphira m'madzi, ndipo anthu anawakoka ali lefu, opanda bambo. Amayi anasiya kupemphera n'kukhala pansi mumchenga.

Mwera utaleka, nyanja inabweza Isack yokha, pafupi ndi Lipingo. Bambo anapezeka tsiku lotsatira, chapatali pang'ono. Tinawaika moyandikana.

Pamaliro anthu ankasinthana kunena kuti mwamuna ngati ameneyu sadzabadwanso, ndipo anyamata ankamvetsera maso ali tong'o. Ine ndinali kumbuyo kwa nyumba, kutsuka mbale. Masiku ano ukonde ukakodwa amaitana a Msafiri, ndipo ayamba kale kuwatamanda. Ndikamva dzina lawo likutchulidwa pagombe, ndimalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.