A Simeoni ndi zinanazi zimene zinagwetsa ndege

Ku Likhubula onyamula katundu ndi ambiri, koma a Simeoni ndi ena. Anafika kuno ali mnyamata, pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo chiyambire akhala akusenza zikwama za alendo okwera phiri la Mulanje. Ndi bambo wamfupi, wosachuluka mawu. Ine ndikakumana nawo ndimapatuka m'njira mwaulemu.

Pamwamba pa phiripo panali kabwalo ka udzu pomwe pankatera kandege kobweretsa mbande za mkungudza. Woyendetsa anali mayi Janeti. Tsiku lina a Esmeralda, akazi awo a Simeoni, analumidwa ndi njoka akutola nkhuni chakomweko, ndipo a Janeti anawaulutsira kuchipatala. Anachira.

Kwathu kuno wokuchitira zabwino sachoka chimanjamanja. Ndege itabweranso, a Simeoni anakweza matumba a zinanazi mpaka pakabwalo paja, n'kuwalowetsa mwakachetechete kumchira kwa ndege. Ankadziwa kuti akanena, mayiwo akana.

Ponyamuka, ndege inathamanga, koma kumbuyo kunali kutalemera. Mphuno inadzuka msanga ngati mbuzi yokana chingwe, kenaka khu! m'tchire, pafupi ndi phompho. Zinanazi mbwee! A Janeti anathyoka ntchafu, magazi ali chuchuchu. Nkhungu ya chiperoni inatsika, foni osagwira, ndipo kudikira kunali kudikira maliro.

A Simeoni anamanga bala ndi malaya awo, n'kuwabereka mayiwo ndi chitenje. Anatsika nawo m'matanthwe oterera momwe ife, opanda kanthu m'manja, timachita kukwawa. Ndinawaona ndi maso angawa akufika ku Likhubula, mawondo atanyuka, imvi zitanyowa, akukana kuti wina awalandire mpaka pagalimoto yopita kuchipatala. Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsemwe.

Kuchipatala cha Mulanje Mission a Janeti atatsitsimuka, a Simeoni anagwada pambali pa bedi.

"Mayi, ndege ndagwetsa ndine. Ndinaikamo zinanazi osakuuzani. Itanani apolisi."

A Janeti anayankha misozi ili lengelenge.

"Bambo, mwandigwetsa ndinu, mwanditolanso ndinu. Nanga zinanazi zangazo zili kuti?"

M'mawa mwake a Simeoni anakweranso phiri, mawondo ali mabandeji okhaokha. Anatsika ndi zochepa zimene anyani anasiya, ndipo ulendo uno anazipereka m'manja.