Nyimbo Yomwe Ndinapeka Ndili Wopanda Mawu

Zinayamba pa ukwati wina ku Makanjira, nyengo ya mwera. Ndili pakati pa nyimbo, gitala ali m'manja, mawu anangosasa. Ndinati ndi fumbi. Ndinatsokomola miyezi itatu, thupi likutha, ndikumwa mizu yosiyanasiyana. Tsiku lomwe ndinalavula magazi, akazi anga Abiti Saidi sanandifunsenso maganizo. Anandikweza lole ya nsomba mpaka ku Mangochi.

Kuchipatala anatenga makhololo, tinadikira masiku anayi. Dokotala anati, "Ndi chifuwa chachikulu, bambo. Mwachedwa, koma chimachizika. Mugona kuno miyezi iwiri." M'mawa uliwonse namwino ankabwera ndi jakisoni, kenako mapiritsi ndi phala. Loweruka ankatikweza pa sikelo. Abiti ankagona pakhonde pamodzi ndi anzawo odwazika matenda.

Zaka zanga zonse ndinkaimba zovinitsa anthu, kumaukwati ndi kumisonkhano ya chipani. Tsopano ndinkangonong'ona. Pabedi loyandikana nane panali a Mhango, mphunzitsi wachikhristu wochokera kumpoto. Iwo ankawerenga Baibulo lawo, koma nthawi ya swala, pemphero lathu la Chisilamu, ikakwana ankandigwedeza phazi kuti isandipite. Ndinkaswali chogona, milomo yokha ikuyenda.

Nyimbo ija inabadwira pamenepo. Ndi yodekha, savina. Imafunsa ngati Mulungu amamva munthu amene mawu amuthera, ndipo imathokoza chifukwa cha mlendo wachipembedzo china amene anandikumbutsa kupemphera. Ndime yomaliza ndi yopepesa kwa mkazi amene ndinkamusiya yekha ndi ana, ine ndikuzungulira m'madoko ndi gitala. Ndime imeneyo inandivuta kuposa jakisoni.

Ndinaiimba koyamba pakhomo, mvula itayamba, mawu ali okhakhala. Abiti anamvetsera akusenda chinangwa. Nditamaliza anapukuta m'maso ndi nsalu, nati, "Lero mwaimba zoona. Tsopano imwani mapiritsi anu."

Mankhwala ndinamaliza onse, osadumphitsa. Lero ndimalima, ndimadya bwino, ndipo ndikaimba nyimbo zitatu ndimayamba ndapuma. Mawu okwera aja sanabwererenso, koma odwala ambiri amandiitana kuti ndikawaimbire nyimbo yodekhayo, ndipo ndimapita.

Abale anga, chifuwa chikakana kutha, musadikire magazi. Pitani kuchipatala miyendo ikadali yanu, ndipo amene akukukakamizani kupitako mumumvere, chifukwa ndiye akukufunani amoyo.