Maliro a Azakhali Amoyo

Ndinaphapo azakhali anga ndi pakamwa. M'nthawi ya chipani chimodzi, ndikukhala ku Lufita, ndinakonza zokaona likulu latsopano ku Lilongwe. Aneba anga, aphunzitsi ochokera kummwera, anayamba kufunsitsa: "Munyamuka liti, achimwene? Mukafikira kwa yani?"

Ndinawayesa kazitape. "Ulendo walephereka," ndinanama. "Azakhali amwalira ku Wenya."

M'mawa mwake anabwera ndi nkhuku ya chipepeso, n'kundiperekeza mpaka kundikweza lole ya ku Wenya. Ndinapita ndithu, nkhuku ili m'khwapa. Azakhali anaipha, tinadya.

Nditabwerako, aphunzitsiwo anati, "Pepani kwambiri. Ndimafuna mukagone kwa mlongo wanga, malo ogona ku Lilongwe ngovuta."

Kuyambira pamenepo, azakhali akabwera kudzationa ndinkawalowetsera khomo lakuseri.